Jekete la a Ngozo

Ndisanapite kunja ndinkakumba mchenga mumtsinje wa Lilongwe, kumunsi kwa Kawale. Tinkalowa m'madzi ndi mafosholo kukangocha, kuunjika mchenga pamtunda, n'kumadikira malole a anthu omanga nyumba. Chaka chija cha chilala, chimene tinadya chimanga chachikasu, malole anasiya kubwera. Munthu wopanda ufa saganiza zomanga. Mkazi wanga, amake Lonjezo, anali woyembekezera mwana wachiwiri, ndipo mayi anga tinali titawatenga ku Ntcheu chifukwa kumudzi nkhokwe zinali gwaa. Tonse tinkapanikizana m'zipinda ziwiri za lendi.

Nthawi imeneyo njira yakale yolembetsa kumigodi inali itatsekedwa, ndiye wofuna ku Joni ankadziyendera yekha. Ndinagwirizana ndi dalaivala wina wa thiraki wa ku Biwi kuti anditenge ngati womuthandiza kumanga katundu. Mayi sanandiletse. Anangondikumbutsa kuti kwathu amuna atatu anapitako ku Joni, wobwerako anali mmodzi, nayenso anabwera ndi chifuwa. Amake Lonjezo anandikazingira chimanga ndi mtedza, n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Sanalire. Anati ndikafika ndilembe kalata, basi.

Za ulendowo ndimakumbukira pang'ono: zigoba za magalimoto otenthedwa pankhondo m'mphepete mwa msewu wa ku Tete, kutentha, ndi kudikira pazipata. Ku Joni ndinafika ndili ndi maganizo oti ndikangotsika ndilowa mumgodi wa golide monga ankachitira akuluakulu athu. Anandiuza kuti Amalawi sakuwalembanso. Ndinakhala miyezi ingapo ndikutchetcha kapinga m'mayadi a anthu. Tsiku lina pamalo pomwe tinkadikirira maganyu panaima kagalimoto ka Mbunu wina wofiira khosi, n'kufunsa amene amadziwa fosholo. Ndinakweza dzanja. Tinayenda tsiku lathunthu, nyumba zikumka zichepa, mpaka tinafika kudziko lafulati, louma, la mitengo yaminga yokhayokha. Pakati pake pankadutsa mtsinje waukulu wa madzi ofiirira, ndipo mbali zonse kunali milu ya miyala kufika pomwe diso lalekezera. Mbunu uja anandipatsa fosholo. Ndinaseka ndekha. Ndadutsa mayiko atatu kuchoka pamtsinje, ndafikiranso pamtsinje.

Sindinkadziwa n'komwe kuti tikufuna chiyani. Anzanga onse ankalankhula zinenero zawo, ine ndikungotola pang'ono chilapalapa, chinenero chosakaniza cha kumigodi. Tsiku lachitatu piki inaterereka pamwala n'kundimenya chala cha kuphazi, ndipo ndinatukwana m'Chichewa mokweza. Mkulu wina wamfupi, wowerama msana, amene ankagwira ntchito pafupi ndi injini, anaika pansi chimene ananyamula n'kubwera.

"Wa kuti iwe wotukwana ngati wa ku Ntcheu?"

Amenewo anali a Ngozo. Anati kwawo ndi ku Dedza, chakumapiri a ku Bembeke, ndipo anachokako nthawi ya atsamunda ali mnyamata. Chichewa chawo chinali chakale, cha agogo, chosakanikirana ndi mawu a kumeneko, moti nthawi zina ankaima pakati pa nkhani kufunafuna liwu, ine n'kuwapatsa. Tsiku lomwelo anasamutsira bulangete langa m'kanyumba kawo ka malata. Iwowo ndiwo anandiuza kuti miyala imene tikufunayo ndi dayamondi.

Ntchito yake inali yotere. Tinkayamba tachotsa dothi lapamwamba mpaka titapeza nsangalabwi zakale zimene mtsinje unasiya usanasinthe njira. Zimenezo tinkazituta pa wilibala n'kuzithira m'sefa yaikulu yolendewera pa maunyolo, imene ankaitcha bebi poti imagwedezedwa ngati mwana wolira. Miyala ikuluikulu imatsala, mchenga umagwa pansi, ndipo yapakatikati ndiyo inkapita m'chibeseni chachitsulo chozungulira, chachikulu moti anthu anayi akhoza kugonamo. M'chibesenimo munali matope, ndi mano achitsulo amene injini yakale inkawazunguza. Miyala yopepuka inkayandama m'matopemo n'kutulukira pakati, yolemera inkamira n'kukankhidwira m'mphepete. Ntchito ya a Ngozo inali yoyang'anira matopewo. Ankapisamo dzanja, kuwatikita ndi zala, n'kulamula kuti tiwonjezere madzi kapena dothi. Anati matope akalimba ngati phala la mwana dayamondi amayandama n'kutayidwa limodzi ndi zinyalala, akasungunuka kwambiri zonse zimamira ndipo sunasefe kanthu. Ndinayesa kangapo kupisamo dzanja langa. Kwa ine anali matope basi.

Chakumadzulo ankatsegula kachitseko ka m'mphepete n'kutulutsa miyala yolemera ija. A Ngozo ankaithira m'sefa yamanja, kuimiza mu diramu lodula pakati, n'kumaivinitsa m'madzimo monga momwe mayi amapetera mpunga m'lichero. Akatero ankaigadabuza kamodzi patebulo, phi, ndipo zolemera zonse zinkaoneka zitasonkhana pakati, zakuda bii. Pakatipo ankapatcha diso. Wololedwa kukhudza disolo anali Mbunu yekha, ndi kachitsulo kake kophwasulira miyala. Ife tinkaima chapatali, manja kumbuyo. Masiku ambiri munalibe kanthu. Tsiku lamwayi ankatola kanthu kakang'ono n'kukaponya m'kabotolo. Kwa ine kankaoneka ngati kachidutswa ka botolo kamene kakhalitsa mumchenga.

Ndinafunsa a Ngozo kuti kamwalako amakatani. Anati amakakaviika m'mankhwala oopsa kuti litsiro lonse lichoke, kenako kamapita kutsidya kwa nyanja komwe amakasema ndi dayamondi mnzake, poti palibe chitsulo chingakadule. Ndinafunsanso kuti akasema amapangira chiyani, mankhwala kapena zida za ndege. Anati akazi amavala pachala. Ndinaganiza kuti akundiseleula poti ndine mlendo, ndipo ndinakhala masiku awiri osawalankhula bwino.

Lamulungu lina ananditenga pa basi kupita m'tauni ya Kimbale kukandionetsa dzenje. Ine ndakumba maenje moyo wanga wonse, koma nditasuzumira mmenemo ndinabwerera m'mbuyo. Pansi penipeni panali madzi obiriwira, mbalame zikuuluka kumunsi kwa mapazi athu. A Ngozo anati pamenepo panali kaphiri, ndipo anthu anakadya ndi mapiki ndi mafosholo mpaka kanasanduka chimenechi. Poyamba aliyense anali ndi kamalo kake kongokwana chipinda chimodzi. Dothi ankalikweza m'zidebe zachikopa pa zingwe, ndipo zingwezo zinachuluka mpaka dzenje lonse linkaoneka ngati lakutidwa ndi ukonde wa kangaude. Dothi lapamwamba linali lachikasu, lofewa, longosefa pouma. Atalimaliza anagunda thanthwe lobiriwira modera, ambiri n'kugulitsa malo awo poganiza kuti chuma chatha. Kenako wina anaona kuti thanthwelo likakhala padzuwa ndi pamvula limafumbutuka lokha. Ndiye anayamba kuliyala m'minda ikuluikulu, kulitembenuza ndi ng'ombe ngati akulima, n'kudikira miyezi kuti liwole. Minda ya miyala, yotchingidwa ndi waya, alonda ndi agalu akuzungulira.

Anandiuzanso za tebulo la girizi. Anati munthu wina anazindikira kuti dayamondi sanyowa, madzi amamuthawa, koma amakonda mafuta. Ndiye ankapaka girizi patebulo lopendekeka, n'kumakokololerapo miyala ndi madzi. Miyala wamba, poti yanyowa, inkatsetsereka n'kupita, dayamondi ankakakamira. Madzulo ankapala girizi uja n'kumuwiritsa mpaka kutsala miyala yokha. Pamenepo a Ngozo anati anagwirapo zaka zambiri, m'komponi yotsekedwa imene munthu sunkatuluka mpaka nthawi yako ithe. Ikatha ankakutsekera masiku angapo m'chipinda, manja ali m'zikopa zokhomedwa ndi loko kuti usagwire kanthu, kukumwetsa mafuta a nsatsi, n'kumasanthula zimene watulutsa.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti nkhani zimenezi sizinkakhala pamodzimodzi. Lero anena kuti za mafuta a nsatsi anamva kwa akuluakulu, iwo anapeza makina ounika m'mimba. Mawa anena kuti anamwetsedwa iwowo, mpaka kufotokoza kuwawa kwake. Tsiku lina anati anabwera pa ndege ya olemba anthu ntchito, tsiku lina anati anayenda pansi miyezi itatu akugona m'mitengo kuopa mikango. Nditawafunsa kuti zoona ndi ziti, anayamba afwenthera fodya wawo, kenako anati, "Zonse n'zoona, mphwanga. Kungoti sizinagwere munthu mmodzi."

Sindinamvetse, koma sindinafunsenso.

Kunyumba ndinkatumiza ndikapeza dalaivala wodalirika: ndalama pang'ono, bulangete la mayi, nsapato za Lonjezo zimene ndinkangoganizira kukula kwake. Makalata ochokera kwathu ankabwera mwa apo ndi apo, atazungulira m'manja ambiri. Ina inandiuza kuti kwabadwa mwana wamkazi, dzina lake Tadala. Ina, patapita zaka, inandiuza kuti mayi anamwalira ndipo anakaikidwa ku Ntcheu. Pamene ndinkaiwerenga n'kuti mvula itagwa kale pamanda awo nyengo yathunthu. Tsiku limenelo a Ngozo anandigwirira ntchito yanga ya wilibala, ndi msana wawo wowerama uja, ine nditangokhala pamulu wa miyala.

Vuto linabwera chaka changa chachisanu. Madzulo ena a Ngozo atagadabuza sefa, Mbunu anacheukira galu wake amene ankalimbana ndi chinachake kuseri kwa injini. Atabwezanso maso patebulo anayamba kukuwa kuti m'diso munali mwala waukulu, anauona ndi maso ake, tsopano palibe. Anativula tonse pomwepo, ndi a Ngozo omwe, munthu wamkulu ngati uja. Anatiyang'ana m'kamwa, m'tsitsi, m'makutu, pakati pa zala za kumapazi. Anagwetsa zonse za m'tinyumba tathu. Sanapeze kanthu. M'mawa mwake anachotsa ntchito anzathu awiri amene anaima pafupi ndi tebulo. Mpaka lero sindidziwa ngati mwalawo unalipodi. Mbunuyo ankamwa, komanso dzuwa la madzulo likawomba pamiyala yonyowa chilichonse chimang'anima.

Kuyambira pamenepo a Ngozo anachepetsa nkhani. Chifuwa chimene anali nacho kuyambira kale chinakula, mpaka sefa inayamba kuwalemera. M'mawa wina ndikukonzekera kupita kuntchito anandiitana, n'kutulutsa m'sutikesi mwawo jekete lakuda, lakale koma losamalidwa. Anati ali ndi mlongo wawo, a Nangozo, dzina la ubatizo Sitela, ndipo anamva kwa Mmalawi wina wodutsa kuti akukhala kwa mwana wawo, kalipentala, ku Area 23 pafupi ndi msika. Anati ndikamabwerera kwathu ndikawapatse jeketelo m'manja. Ndisaligulitse, ndisalichape. Polipinda, chala changa chinagunda kanthu kolimba mumsoko wa m'munsi, kongofanana ndi nyemba. Ndinawayang'ana. Anati ndi batani, n'kuyamba kuseka mpaka kuseka kunasanduka kutsokomola.

Anamwalira patapita milungu iwiri. Panalibe wachibale, ndiye ine ndinawatseka maso n'kuwasambitsa. Tinawaika kumanda a okumba miyala, pamalo ouma pomwe mitanda yambiri ilibe mayina. Tikukumba mandawo tinagunda nsangalabwi, ndipo ndinaona mnzanga wina akuzifwatula ndi phazi mwachizolowezi, maso ali tcheru. Nanenso ndinapezeka ndikuyang'ana.

Sindinakhalitsenso. Ndinanyamuka mwezi wotentha, koma jeketelo ndinalivala njira yonse poopa kuti m'chikwama angalisanthule. Kumeneko munthu wopezeka ndi dayamondi wosasema popanda chilolezo amapita kundende zaka. Pachipata choyamba wapolisi anandiyang'ana thukuta likuchita kuyenderera, n'kundifunsa ngati ndikudwala malungo. Ndinavomera. Tikuwoloka mlatho wa ku Tete ndinalivula, kulipinda, n'kutsegula zenera kuti ndiliponye m'madzi. Ndinaligwira choncho mpaka mlatho unatha. Sindinganene kuti chinandiletsa ndi ulemu kwa malemu, kapena mantha, kapena dyera.

Ku Lilongwe ndinafika ngati mlendo. Ndalama zinali ndi nkhope ina. M'minibasi anthu ankanyoza boma mokweza, ine n'kumacheuka kuona ngati wina akumva. M'misewu munadzaza ogulitsa malonda. Pakhomo pathu ku Kawale ndinapeza mayi wina wosandidziwa akuchapa, ndipo anandiuza kuti amake Lonjezo anasamukira ku Chinsapo kalekale. Ndinafunsa za anzanga atatu amene tinkakumba nawo mchenga. Awiri anali atapita ndi matenda aja amene ankatha anthu.

Ku Chinsapo ndinapeza nyumba ya zidina ya zipinda ziwiri, theka malata theka udzu. Amake Lonjezo anali atagula kapuloti n'kumanga okha, ndi zimene ndinkatumiza pamodzi ndi za geni yawo ya kaunjika. Anali atanenepa, akulankhula mokweza, akupemphera kumpingo wina watsopano woimba ndi magitala. Anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, koma ankandiyang'ana ngati munthu amene sakudziwa pomuika. Lonjezo anandipatsa moni atagwada ngati kwa aphunzitsi. Tadala anathawira kuseri kwa nyumba, ndipo masiku oyamba ankanditcha aankolo.

Jekete ndinalikoleka pamsomali osanenapo kanthu. Ndinaiwala kuti munthu wogulitsa kaunjika zala zake zimayenda zokha m'misoko. Tsiku lachiwiri ndikuchokera kosamba ndinapeza ataliyala pamphasa, lezala ili pambali. Ndinawafotokozera zonse, za a Ngozo, za mwala wosowa, za mlongo wa ku Area 23. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayamba kundiwerengera: zaka zisanu ndi chimodzi akulera ana okha, kudwazika apongozi okha, kunyamula maliro kupita nawo ku Ntcheu okha, mvula ikagwa ana akugona chokhala pothawa kudontha.

"Ndiye inu mwabwera ndi jekete la munthu wakufa, ndipo nalonso mukuti ndi la eni ake?"

Zonse zimene ananena zinali zoona. Ndinangoti malemu anandituma. Anati malemu sadya. Tinakhala masiku atatu tikulankhulana kudzera mwa ana. Kangapo ndinaitenga lezala ija ndekha iwo atapita kumsika, n'kuibwezanso. Tsiku lachinayi anandiuza kuti ngati ndatsimikiza kukapereka, tipitira limodzi, kuti aone ndi maso awo chimene chawadutsa pakhomo.

Ku Area 23 akalipentala ndi ambiri. Tinayenda kuyambira m'mawa tikufunsa wa ku Dedza amene amakhala ndi mayi ake okalamba, mpaka wina anatilozera kwa a Damiano, bambo wa imvi zoyamba amene ankapala chitseko pansi pa mtengo wa mango. Nditatchula dzina la a Nangozo anaika pansi chopalira chawo n'kutilowetsa kuseri. Mayiwo anali atakhala pamkeka akusankha nyemba, maso awo atayamba kuchita khungu. Titapatsana moni ndinanena kuti ndachokera ku Joni, ndatumidwa ndi mlongo wawo, a Filipo Ngozo, amene anamwalira miyezi iwiri yapitayo. Ndinaika jekete m'manja mwawo.

Sanalire. Analisisita n'kulinunkhiza. Amene analankhula anali a Damiano. Anati pali chosokonekera, chifukwa amalume awo a Filipo anamwalira kalekale iwo ali mwana. Kunabwera munthu kumudzi kudzanena kuti thanthwe linawagwera mumgodi, ndipo maliro analiridwa, anthu anameta.

Ndinayamba kutchula zonse zimene a Ngozo ankandiuza: mudzi wawo, mkuyu wa pachitsime, dzina la bambo awo, galu wawo wakale wotchedwa Sautsa, tsiku limene mlongo wawo Sitela anagwa mumtengo wa mapichesi n'kuthyoka dzino. Mayiwo anakweza mlomo n'kundionetsa dzino lobenthuka. Kenako anayamba kundifunsa iwo. Kodi chibwibwi chinatha? Ndinati munthu amene ndinkakhala naye analibe chibwibwi, ankalankhula bwinobwino. Anati mlongo wawo sankatha kutchula dzina lake osakakamira katatu. Kodi anali wamtali? Ndinati wamfupi, koma mwina n'chifukwa cha msana. Kodi pamsana anali ndi chipsera cha moto, pomwe anagwera pamafuwa ali wakhanda? Ndinatseka maso kuyesa kukumbukira tsiku lija ndinkawasambitsa. Zipsera zinalipo zambiri, za miyala, za zingwe, zina sindikudziwa za chiyani. Cha moto sindikanatha kulumbira.

A Damiano anakatenga chithunzi chakale chimene amalume awo anatumiza atangofika ku Joni. Panali mnyamata wovala chipewa chopendekeka, dzanja lili pampando. Ndinachiyang'ana mpaka maso anawawa. Makutu ankafanana. Mphuno ayi. Ndikachipendeketsa ankakhala iwowo, ndikachiwongola ankakhala munthu wina. A Damiano anati anamvapo kuti kumigodi anthu ankasinthana zitupa, wina akafa mnzake amene chake chatha ankatenga cha malemuyo n'kukhala ndi dzina lake. Munthu woti mwagona naye chipinda chimodzi zaka akhoza kudziwa za galu ndi za dzino. Koma anatinso mwina wofayo anali mnzawoyo, uthenga n'kubwera wolakwika. Anandifunsa kuti ine ndikuona bwanji. Ndinati sindikudziwa. Munthu ndinadya naye mbale imodzi zaka zoposa zisanu, ndipo sindinathe kunena kuti anali yani.

Amake Lonjezo ndiwo anakumbutsa za msoko. A Damiano anautumbula ndi kampeni, ndipo munatuluka kanthu kokulungidwa m'pepala lonyezimira la ndudu. Kanali kamwala kotuwa, kosawala, ka ngodya zosalala. Onse anatembenukira kwa ine, katswiri wochokera kumigodi ya dayamondi. Ndinachita manyazi kuwauza kuti aka kanali koyamba kugwira mwala wotere m'dzanja langa, ngati unalidi wotere. Ndinakumbukira za girizi, n'kupempha mbale, madzi ndi mafuta odzola olimba aja. Ndinapaka pambale, kuipendeketsa, kuika kamwalako n'kuthira madzi. Kanakakamira. Amake Lonjezo anandigwira mkono. Ndiye a Damiano anatola kamwala wamba pabwalo, n'kukaponya pambale pomwepo. Nakonso kanakakamira. Kaya ndinapaka mafuta ambiri, kaya ndinayenera kuyamba ndainyowetsa miyalayo, kaya a Ngozo anasiya mbali ina osandiuza. Amake Lonjezo anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka misozi, koyamba chibwerere ine.

A Damiano ankafuna kupita nako m'tauni kwa ogula miyala. Mayi awo anatambasula dzanja, kukalandira, n'kukamanga pansonga ya chitenje chawo. Anati za mwala zidikire. Kumene kanathera sindikudziwa, ndipo sindinafunsepo.

Chimene ankafuna kumva iwo chinali china. Anandifunsa kuti malemu anadwala masiku angati, ankadya chiyani, analandira masakramenti kapena ayi, mutu tinaulozetsa kuti. Ndinayankha zimene ndikanatha. Atafunsa amene anawatseka maso ndi kuwasambitsa, ndinati ndine. Anafufuza dzanja langa n'kuligwira ndi manja awo onse awiri.

"Ndiye ndinu mdzukulu wathu, bambo. Pakhomo pano simudzagogodanso. Kaya anali mlongo wanga, kaya anali mnzake, munthu wosunga dzina langa zaka zonsezi sangagone ngati wopanda kwawo."

Anatuma a Damiano kuti akapemphe Misa ya malemu Loweruka lotsatira. Tinapita tonse, ndi ana omwe. Amake Lonjezo anavala chitenje chawo chatsopano ngakhale kuti si mpingo wawo, ndipo Tadala anandigwira chala njira yonse kuchokera pa siteji. Anandikhazika kutsogolo pamodzi ndi abale, anthu ochokera ku Dedza amene sindinawaonepo akubwera kudzandipepesa ngati wofedwa ndine. Misa isanayambe mphunzitsi wa mpingo anabwera ndi kapepala kudzafunsa dzina loti wansembe awerenge. A Damiano anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. A Nangozo anati alembe kuti Filipo Ngozo ndi mnzake.

Wansembe anawerenga momwemo, osafunsa kuti mnzakeyo ndani. Ine ndinayankha Amen limodzi ndi onse, ndisakudziwa kuti mwa awiriwo ndinakwirira uti.